Pakhonde la Alembi: Nkhani yanga yaima pakati pa madzi

FUNSO

Bambo Mlembi,

Ndine mphunzitsi wamkazi pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku East Bank, chakufupi ndi Muona, ndipo ndimaphunzitsa Sitandade 6. Chaka chatha ndinatumiza nthano yaifupi kwa osindikiza mabuku ena a ku Blantyre. Mkonzi wawo anaikonda, nandifunsa ngati ndingathe kuikuza kuti ikhale nthano yaitali. Tinapangana kuti pofika pakati pa Disembala ndikhale nditamutumizira chidule cha buku lonse cha masamba atatu, pamodzi ndi mitu itatu yoyambirira. Pano kwatsala masabata asanu ndi limodzi koma m'manja mulibe kanthu.

Nkhaniyo ndi ya madzi osefukira a mu Januwale 2015. Mpangankhani wamkulu ndi bambo wina wopalasa bwato wa ku Makhanga, amene akupulumutsa anthu usiku umene Ruo anasiya njira yake n'kulowa m'midzi. Poyambira ndikupadziwa bwino: agalu akuuwa, madzi akulowa pansi pa chitseko. Pothera ndikupadziwanso: anthu afika pamsasa ku Bangula, apulumuka. Pakatipa ndi pamene pandikanika. Ndalemba mndandanda wa anthu 14 oti akhale m'bukumo, aliyense ndi mbiri yake, koma chochita nawo chikundisowa. Mutu woyamba ndauyamba kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse ndimang'amba. Madzulo ndikatsegula kope ndimangoliyang'ana, thukuta lili kamukamu, mpaka tulo kundiba.

Bambo wabwatoyu ndamutengera kwa malemu malume anga, amene anandilipirira sukulu ndi ndalama za pamadzi zomwezo. Ndinkawalemekeza kwambiri. Kodi luso landithera? Kapena ndingomuuza mkonziyo kuti zandikanika? Mayeso otsekera teremu nawonso ali pakhomo.

Mphunzitsi wothedwa nzeru, Muona, Nsanje

YANKHO

Aphunzitsi,

Mkonziyo musamuuze kanthu kaye. Luso silinakuthereni. Munthu wotha luso sayamba nkhani ndi agalu akuuwa, madzi akulowa pansi pa chitseko. Amene amayamba chotero makutu ndi maso ake n'zamoyo ndithu.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatuko ndinaima pa ndime yomaliza, pomwe mwatchula malume anu. Mwawatchula ngati mukungodutsa, koma ine ndikuona kuti bwato lanu lakodwa pomwepo.

Tiyeni tiliyang'ane bwatolo. Ndi la mtengo umodzi, losema. Madzi akakhala bata likhoza kutenga anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri ndi timitolo tawo, koma pamadzi olusa, usiku, wopalasa wanzeru sangayerekeze kudzaza chotero. Tsono pa chulu chimene anthu athawirapo pali anthu makumi awiri, ndipo a m'munsi madzi awafika kale m'mawondo. Mabwato a injini a asilikali ndi ndege zidzabwera pambuyo, kutacha. Usiku uno amene alipo ndi wankhafi yekha. Ayamba ndi yani? Apongozi ake ali pomwepo. Pali mayi wapakati amene si m'bale wake. Pali bambo wagolosale amene akumuonetsa ndalama zokwana kugula bwato lina. Pali mnyamata amene chaka chatha anamubera ukonde, ndi nkhalamba imene ikukana kukwera popanda mbuzi yake. Ndipo iye akudziwa kuti kupita kumtunda ndi kubwerako ndi mtunda ndithu, moti pobwera chulu chija mwina sachipezanso.

Buku lanu lagona pa funso limenelo. Aliyense wa kuno kuchigwa amene anaona madzi a 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022 kapena a Freddy mu 2023 anamvapo manong'onong'o a za eni mabwato: kuti uje anaolotsa mudzi wonse osalandira ngakhale tambala, kuti uje anayamba wafunsa ndalama munthu ali mumtengo. Nthawi zina nkhani ziwirizi zimanenedwa za munthu mmodzi yemweyo. Inu mwalemba bambo amene amangopulumutsa basi. Nkhani ya munthu wotere ilibe pakati. Atenga gulu loyamba, atenga lachiwiri, atenganso lachitatu, ndipo wowerenga pofika apo wayamba kuyasamula. Dzanja lanu lazindikira zimenezi mutu usanavomere, n'chifukwa chake likung'amba mapepala. Mukuopa kumulola kuti asankhe, chifukwa akasankha asiya wina, ndipo akasiya wina mukumva ngati mwaponda pamanda a munthu amene anakulipirirani fizi.

Mantha amenewa ndimawadziwa. Ine ndinakulira kwa Ngabu, pa makande, m'nyumba imene chilichonse chinkachokera ku thonje: yunifolomu, mchere, sopo, ngakhale malata a pakhonde. Ndili mnyamata ndinapatsidwa mwezi umodzi kuti ndilembe sewero la pa wailesi la magawo asanu ndi limodzi lonena za mlimi wa thonje. Ndinatenga bambo anga. Gawo loyamba linatuluka usiku umodzi: mlimi akubzala ndi mvula yoyamba, akupopera mankhwala, akutola thonje dzuwa lili paliwombo. Lachiwiri linandikanika masabata awiri athunthu. Ndinkati n'kutentha. Ndinkati ndi nyali yanga ya utsi.

Tsiku lina ndili pa msika wa thonje ndinaona bambo wina akutsitsa belo pa ngolo. Wogula anapisa mkono mpaka paphewa, natulutsa chibuma cha dothi chachikulu ngati chibakera, n'kuchiika pa sikelo pamaso pa anthu onse. Bamboyo sanayankhule. Anavula chipewa n'kuyang'ana pansi, kwinaku mwana wake atagwira chingwe cha ng'ombe. Pomwepo ndinakumbukira chimene ndinkachidziwa kuyambira ndili ndi zaka khumi. Usiku wina ndinadzuka kuti ndipite kuseri, ndipo ndinapeza bambo anga atagwada pakhonde ndi chikho, akuwaza madzi pa thonje loti likagulitsidwe mawa lake kuti likalemere pa sikelo. Chinali chaka chimene mlongo wanga anagona pamphasa miyezi itatu. Anandiona, nanenso ndinawaona, ndipo nkhaniyo sitinaikambepo mpaka anatisiya.

Ndinabwerera kunyumba n'kumulola mlimi wa m'sewero lija kuti awaze madziwo. Magawo asanu otsalawo anatuluka m'masiku khumi ndi awiri. Ndikuuzeni zoona, Aphunzitsi, sindinawakondepo bambo anga monga ndinawakondera polemba za usiku umenewo, chifukwa ndi pamene ndinayamba kudzifunsa kuti munthu woopa Mulungu ngati iwo zinamufika pati kuti atenge chikho. Ulemu umene ndinkawapatsa powabisa unali wochepa poyerekeza ndi umenewo.

Sindikunena kuti malume anu anachita choipa chilichonse. Chimene ndikupempha n'chakuti wabwato wa m'bukuyu aleke kukhala malume anu. Mupatseni dzina lina ndi mfunda wina. Ngati malume anali aatali, uyu akhale wamfupi wa chipsera pachibwano. Ngati malume sankalawa mowa, uyu azimwako Loweruka. Kwa malume tengani zokhazo zimene palibe wina angakupatseni: kagwiridwe ka nkhafi, mmene ankadziwira liwiro la madzi pongoyang'ana namasupuni akuyandama, mmene ankakapira madzi m'bwato ndi chigubu chodula pakati, nyimbo imene ankaing'ung'udza akatopa. Zotsalazo musiyireni mwiniwake wa m'buku. Mukamasula chingwe chimenechi muona kuti munthuyo ayamba kuchita zinthu zimene simunamukonzere.

Palinso china chimene ndikufuna muchione. Mwati pothera mukupadziwa: anthu afika pamsasa ku Bangula, apulumuka. Ine ndikuti pamenepo si pothera ayi. Pakati paja mukusakapo, payambira pomwepo.

Usiku wamadzi ungadzaze mitu itatu kapena inayi basi, ndipo ndi yomweyo imene mkonzi akuidikira. Kenako kwacha. Wabwato uja ali pamsasa, m'kalasi imene madesiki aunjikidwa pakona, amuna kwaokha, akazi ndi ana kwaokha. Pa mzere wolandira ufa ndi nyemba, kutsogolo kwake kwaima mayi amene mwamuna wake anatsala pa chulu chija. Kumbuyo kwake kuli wagolosale, amene tsopano watsala ndi malaya a pathupi okha ndipo akufuna ndalama yake ibwerere. Ena akumutcha mpulumutsi, atolankhani abwera kudzamujambula, abusa amutchula m'pemphero. Koma pali mwana mmodzi amene anali m'bwatomo, anaona zonse, ndipo chifikireni sanatsegule pakamwa. Kothawira kulibe, onse akutunga pa mjigo umodzi. Ufa ukachedwa, amayi akupita kudambo kukazula nyika, ndipo wowaolotsa ndi yemweyo. Miyezi iwiri kapena itatu ya moyo wotere ikupatsani mitu khumi yosachita kukakamiza.

Ndipo kutsogolo kwake kukudikira funso limene anthu a ku Makhanga akhala nalo zaka zambiri: kubwerera kapena kusamukira kumtunda. Boma linkawapempha kuti asamuke ndipo ambiri ankakana, osati chifukwa cha umbuli monga amanenera ena amene chigwachi amangochiona ali pamwamba, asanatsetsereke kupita pa Thabwa. Madzi omwe amaphawo ndi amene amasiya matope achonde m'madimba, momwe munthu amakolola chimanga, mbatata ndi nyemba pamene kumtunda nthaka ili gwa. Kwa wabwato funsoli n'lolemera kawiri. Chidukireni njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, sitima n'kuleka kudutsa, anthu akhala akuwoloka pa Mtayamoyo ndi mabwato. Ndiye kuti chuma chonse cha munthu wanuyu chinabadwa ndi tsoka limenelo. Kumtunda bwato ndi chipika chabe. Kodi abwerera kumudzi kumene aliyense akudziwa chimene anachita, kapena apita kumene palibe womuloza chala koma palibenso womufuna? Pampondachimera pa buku lanu pali pamenepo, ndipo yankho lake mulipeza ndinu.

Za anthu 14 aja, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndikumvetsa kuti mtima ukufuna kuti mavuto onse a chigwa alowe m'buku limodzi, aliyense amene analira atchulidwe. Koma buku nalo lili ndi mlingo wake ngati bwato lomwelo. Sankhani asanu: wabwato, amene anatengedwa m'bwato, wamasiye wa amene anasiyidwa, mwana amene anaona, ndi mmodzi wa m'nyumba mwake amene akudya ndalama ija osadziwa kumene inachokera. Enawo musawataye. Mbiri zawo zisungeni kumapeto kwa kope. Ena adzadutsa pa mzere wa ufa ndi mawu awiri, ena akudikira buku lachiwiri.

Loweruka likubwerali musakhale pakhomo ndi kope. Kwerani kabaza mupite padoko pamene anthu amawolokera, mukakhale pamthunzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ndinu wa komweko ndipo mukuganiza kuti mukudziwa kale, koma kudutsa pamalo ndi katundu pamutu n'kosiyana ndi kukhalapo wopanda kothamangira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musafunse munthu kuti madzi aja anamuvuta bwanji, chifukwa akupatsani yankho limene anapatsa kale a mabungwe. Funsani wabwato kuti bwato lake analigula kwa yani, ndi la mtengo wanji, likang'aluka amamata ndi chiyani, njinga yamoto amalipiritsa zingati poyerekeza ndi thumba la chimanga, akaona mvuu amatani. Munthu akamakamba za ntchito yake, zinazo zimatuluka zokha. Mverani mmene akukanganirana chenji, mmene Chisena ndi Chimang'anja zikulowerana m'chiganizo chimodzi. Buku lanu ndi la Chichewa, koma anthu anu akamayankhula lolani mawu akwawo amveke apa ndi apo, pamene tanthauzo likuonekera lokha. Wowerenga wa ku Dowa sasochera, ndipo wa kwa Tengani adzamva kuti ali kwawo. Koma wina akakutsegulirani mtima za m'bale wake amene anapita ndi madzi, muuzeni poyera kuti mukulemba buku, ndipo dzina lake kapena la mudzi wake lisalowemo. Misozi imeneyo ndi ya eni ake.

Mukabwerako pezani katoni ya sopo, muidule timagawo ta msinkhu wa chikhatho tokwana 24. Kagawo kalikonse ndi chochitika chimodzi, ndipo mulembepo mwachidule kuti ndani akufuna chiyani, chikumuletsa n'chiyani, ndipo pomaliza chasintha n'chiyani. Mwachitsanzo: "Wagolosale akufuna ndalama yake pamaso pa anthu, wabwato waigulira kale mwana mankhwala, mkazi wake wamva koyamba kuti panali ndalama." Yalani mphasa, ikani timakatoni pansi, muzitiwerenga mokweza kuchoka pa kena kupita pa kanzake. Ngati pakati pa tiwiri mukutha kunena kuti "chifukwa cha zimenezi", ndiye kuti tagwirana. Ngati mukungoti "kenako", pali kena kakusowa kapena kena kangodzaza malo. Ubwino wa katoni ndi woti imasunthika, pamene m'kope chinthu chikalembedwa chimaoneka ngati lamulo. Pamene pakusowa chochitika ikanipo kakatoni kosalemba, mupitirire. Ntchitoyi si yachilendo kwa inu. Teremu iliyonse mumalemba masikimu musanalowe m'kalasi, mukudziwa bwino lomwe kuti pofika sabata yachisanu zina zikhala zitasintha, ndipo simunakanepo kulemba sikimu pa chifukwa chimenecho.

Timakatoni tikayalidwa, itanani munthu mmodzi, makamaka amene si wolemba, mumusimbire nkhani yonse pakamwa monga agogo ankachitira pamoto, osayang'ana pepala. Muyang'aneni nkhope. Pamene waweramira kutsogolo n'kufunsa kuti "ndiye zinatha bwanji?" pali moyo. Pamene wayamba kuthamangitsa udzudzu kapena kuyang'ana pafoni, kakatoni kameneko kachotseni kapena mukaganizenso. Ine njira imeneyi ndimaidalira kuposa ina iliyonse, chifukwa pakamwa sipalola munthu kubisala m'mawu okoma monga limalolera pepala.

Tiwerenge masiku. Muli nawo 42. Asanu apite ku ulendo wa kudoko ndi timakatoni. Asanu ndi awiri ndawapereka kale ku mayeso ndi kuchonga, ndipo sabata imeneyo buku mulisiye ndi mtima woyera, poti ana a eni ake nawonso akudalira inu. Mitu itatu ya mawu 3,000 uliwonse ndi mawu 9,000. Tsamba limodzi la kope lolemba pamanja limatenga mawu pafupifupi 200. Masamba awiri patsiku ndi mawu 400, ndipo pa masiku 23 mwamaliza. Asanu ndi awiri otsalawo ndi otayipa, kukonza ndi kulemba chidule. Masamba awiri okha, Aphunzitsi. Ana anu a Sitandade 6 mumawalembetsa manotsi oposa pamenepo tsiku limodzi.

Koma musawalembe madzulo. Novembala wa kuno mukumudziwa: malata amasunga moto mpaka pakati pa usiku, ndipo munthu amene waima pa bolodi tsiku lonse m'mutu mwake simutsala kanthu. Dzukani cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, pamene kwayamba kuzizirako ndipo pakhomo palibe wokuitanani. Ola limodzi likwana. Madzulo ntchito yanu ikhale imodzi, kutenga kakatoni ka mawa, kukawerenga, n'kukatsamiritsa pansi pa foni, kuti podzuka musayambe ndi kudzifunsa kuti lero ndilemba chiyani. Lembani ndi bolopeni, osati pensulo, ndipo kung'amba kuthere pomwepa. Tsamba likakunyansani ingojambulani mzere m'mbali mwake n'kupitirira. Loipa limakonzeka, koma long'amba lapita kukayatsira mbaula. Dzina kapena mawu akakana kubwera, siyani mpata. Ndipo muzileka mudakali ndi chonena, pakati pa mkangano, nkhafi ili m'mwamba, kuti mawa mupeze poyambira padakali pofunda. Mukatseka kope, jambulani masamba awiriwo ndi foni. Mvula yayandikira, ndipo inu mukudziwa kuposa ine chimene madzi amachita ndi mapepala.

Mutu woyamba uja, umene mwauyamba kasanu ndi kawiri, ulekeni kaye. Yambani ndi pa chulu, pamene wabwato akuunika nkhope za anthu ndi tochi imene mabatire ake akutha. Mukadziwa chimene achite pamenepo, mudziwanso zoyenera kutionetsa za iye madzi asanafike, ndipo mutu woyambawo udzalembeka wokha pomaliza.

Chidule musachiope. Mkonzi sakufuna mawu okometsera pamenepo, akungofuna aone kuti nkhani ikuchoka pati, ikukhota pati, ikuthera pati. Fotokozani monga mungafotokozere mnzanu pa buleki, ndipo mathero muwanene, osawabisa poganiza kuti mukumukoka mtima. Amadziwa kuti buku likamalembedwa limasintha njira.

Ngati pofika kumapeto kwa sabata yachitatu mulibe ngakhale mutu umodzi wathunthu, mulembereni mkonziyo pomwepo, osadikira usiku womaliza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Muuzeni zimene mwachita, mutumizireni chidule ngakhale chisanapse, ndipo tchulani nokha tsiku latsopano, monga sabata yoyamba ya Januwale, poti tchuthi chikupatsani mpata. Munthu wonena msanga akonzi amamumvera. Amene amawapweteka mtima ndi uja wangoti zii, foni osayankha.

Chinthu chimodzi chikundikhalabe pamtima. Kalata yanu sinanene kumene inu munali usiku umenewo. Ngati munali momwemo, ndipo mukamalemba za madziwo mtima ukugunda, tulo tikusowa, makamaka tsopano pamene mitambo yayamba kuunjikana kumapiri a Thyolo, malangizo anga oyambira pa chulu aja asiyeni. Yambani ndi za pamsasa, za masana, ndipo pezani munthu wokhulupirika, kaya mnzanu wa kuntchito kaya mayi wina wa kumpingo, woti muzimuwerengera zimene mwalemba Lamlungu lililonse. Usiku wa pa chulu mudzaulembe tsiku limene m'nyumba muli anthu.

Ndidikira kumva kuti wabwato wanu anayamba ndi yani.

FUNSO LINA

Madala, ndine mnyamata wa pa Nchalo, ndimagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Pali mpikisano wa nthano zazitali umene akufuna mutu woyamba ndi chidule, ndipo kwatsala masiku khumi. M'foni mwanga muli nkhani zitatu zoyamba kale: ya mnyamata wodula nzimbe amene akubisira makolo ake kuti anasiya sukulu, ya mlenje wa ku Lengwe, ndi ya M'bona. Ndikagwira ina, inzake ndi imene imaoneka yokoma. Nditenge iti?

Wachinyamata, Nchalo, Chikwawa

YANKHO

Achimwene, tengani ya nzimbe. Ya M'bona ndi yaikulu. Simungailembe bwino osapita ku Khulubvi kukakhala pansi ndi akuluakulu osunga kachisi, ndi kumva mbiriyo kwa anthu angapo, poti siikambidwa mofanana paliponse. Masiku khumi sakwana, ndipo kuilemba mothamanga n'kuipeputsa. Isungeni, nthawi yake idzafika. Ya mlenje mwangoitchula dzina, pamene ya nzimbe mwanena kale m'chiganizo chimodzi kuti ndani akubisa chiyani ndipo akubisira yani. Komanso fungo la munda wotenthedwa, mwaye wa m'mphuno, kulemera kwa chikwanje pofika 10 koloko, matuza a m'manja sabata yoyamba, zonsezi muli nazo kale m'thupi, ndipo wolemba wa ku Lilongwe sangakuposeni pamenepo. Ziwiri zinazo zikukoma chifukwa simunayambe kuzikhetsera thukuta. Zitumizeni kwa mnzanu wodalirika pa WhatsApp kuti zisatayike, kenako muzichotse pamaso panu mpaka mpikisano utatseka.

Usiku uno lembani tsiku la malipiro. Mnyamatayo waima pa mzere wa ejenti pa msika wa Nchalo, m'thumba muli ndalama yake yoyamba, zikhadabo zidakali zakuda ndi mwaye. Foni yalira, meseji yalowa. Amayi ake agulitsa mbuzi, amutumizira fizi ya teremu ino.